Bambo Ake Tinawaika, Mwai Sakudziwa

Agogo,

Ndine mayi wa ku Mkanda, mlimi wa mtedza, ndipo chibadwire sindinalembepo kalata ngati iyi. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 16, dzina lake Mwai. Zaka zitatu zapitazo anapeza malo aulere pasukulu yogonera ya atsikana okhaokha, kumene amaphunzira ndi ana ochokera ku Zambia, ku Kenya mpaka ku India. Dzina la sukuluyo sinditchula, koma yandichitira zazikulu.

Kumudzi kuno tinkati Mwai ndi waulesi, chifukwa akagwira buku sankachedwa kudandaula mutu. Kusukuluko sabata yachiwiri yokha anazindikira kuti mwanayo saona bwino pabolodi, ndipo anamupezera magalasi. Chingerezi chake chinali cha ku Mkanda, koma palibe anamuseka. Mphunzitsi wina ankakhala naye katatu pa sabata mpaka lilime linamasuka. Palinso a Madamu Rose, omwe ntchito yawo si kuphunzitsa ayi, koma kumvetsera ana. Poyamba ndinaseka, ndinati kodi kumvetsera nakonso ndi ntchito? Koma teremu yoyamba Mwai atayamba kulirira kwawo, ndi iwowo anamukhazika mtima pansi, mpaka anakapempha kukhitchini kuti tsiku lina aphikeko nkhwani wotendera.

Vuto langa ndi ili. Bambo ake a Mwai, a Timoteyo, anamwalira masabata atatu apitawo. Anangodwala masiku anayi. Pamaliropo achimwene anga a Fletcher, omwe ndi eni mbumba, anati, "Mwanayu asauzidwe, mayeso ake akuluakulu ali pafupi. Akalira n'kulephera, malemuwa adzuka? Adzamva akatsekera." Abale onse anavomera, inenso mutu sunkagwira. Tinaika maliro Mwai ali m'kalasi.

Lamulungu lililonse masana sukulu imalola ana kuimba foni, ndipo Mwai amayamba ndi, "Ababa ali pompo?" Ndinamuuza kuti apita ku Chipata kukagulitsa mtedza. Sabata yotsatira ndinati sanabwere. Lamulungu lathali anati, "Amayi, mtedza wake ndi wochuluka bwanji? Nanga foni yawo siikulowa bwanji? Muwauze kuti masamu aja ndayamba kuwakhoza." Ndinaluma chitenje kuti asandimve.

Lachiwiri a Madamu Rose anandiimbira okha. Anati, "Amake Mwai, mwana wathu wayamba kusiya chakudya, ndipo m'kalasi akungoyang'ana pawindo. Akuti mawu anu asintha. Kodi kunyumba kuli bwino?" Ndinayankha kuti kuli bwino. Iwo anati, "Chabwino mayi. Mukafuna kundiuza kanthu, nambala ndi yomweyi." Agogo, ndinachita manyazi. Anthu ondisamalira mwana chonchi ine ndawanamiza.

Mayeso ayamba pakatha masabata awiri. Ndikamuuza ndikuopa kuti alephera, malo aja n'kutayika, ndipo achimwene adzati ndaphwanya mawu a banja. Ndikapanda kumuuza, sindikudziwa ngati adzandionenso ngati mayi ake. Nditani?

E.T., Mkanda, Mchinji

Mayi E.T.,

Pepani maliro. Mwataya mwamuna, ndipo ngakhale mpata womulira momasuka mulibe, chifukwa Lamulungu lililonse mukumudzutsa n'kumutumiza ku Chipata. Katunduyu ngwolemera, tulani.

Sindizungulira: muuzeni mwanayo, ndipo mumuuze sabata ino. Achimwene anu si anthu oipa. Mwambo wobisira ana asukulu maliro unayamba kale, nthawi imene sukulu yogonera inali ndi hedimasitala, belu ndi chikwapu basi. Mwana akamva uthenga wotere ankalira yekha m'bulangete, m'mawa n'kukalowa mayeso. Makolo ankabisa chifukwa kunalibe womugwira mwanayo akagwa. Kumene kuli Mwai womugwira alipo, ndipo wakuimbirani kale.

Taganizirani za a Madamu Rose amenewa. Pa gulu lonse la atsikana aona mbale ya mwana mmodzi ikubwerera yosatha, aona maso ake ali pawindo, atenga foni. Mutawanamiza sanakupanikizeni, angokusiyirani khomo lotsegula. Ine ndakalamba ndikumva anthu akunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ochita zimenezo ndawaona ochepa. Sukulu imeneyi ndaigomera.

Onaninso kuti chimene mukutetezacho chayamba kale kugumuka. Mwana wosadya, woganizira usana wonse kuti kwawo kwagwanji, mukuti akuwerenga? Mwai ndi wanzeru, waona kale kuti mtedza wake sukutha kugulitsidwa. Panopa akulira maliro osadziwa kuti ndi a yani.

Ine amene ndikulemba pano zinandichitikira. Mchemwali wanga anamwalira ndili Folomu 4, ndipo kwathu anabisa. Nditatsekera, ndikungotsika basi padepoti, mayi wina wogulitsa nthochi anandigwira mkono nati, "Pepani mwanawe, tinaika bwino." Ndinafunsa kuti mwaika ndani. Mayeso ndinakhoza, koma magiredi ake ndinaiwala kalekale. Depoti ija ndi nthochi zija ndimaziona mpaka lero.

Ndiye yambani ndi a Fletcher, musawadumphe. Tengani mayi mmodzi wamkulu wa kumpingo, mukakhale nawo pansi, muwafotokozere zimene anena a Madamu. Muwauze kuti mawu aja anali abwino pa tsiku la maliro, koma tsopano mwana wasiya kudya. Akavomera, apite nanu kusukuluko. Akakana, apepeseni mwaulemu, inu n'kunyamuka. Mbumba ndi yawo, inde, koma amene akunama pafoni ndinu.

Mukatero imbirani a Madamu Rose, muwauze zonse, ndi bodza lomwe. Musaope, makutu amenewo amva zambiri. Gwirizanani tsiku loti mufike, ndipo lisadutse Loweruka, musakumanenso ndi foni ya Lamulungu. Afunseninso mosabisa za mayeso ndi za malo aulere aja. Sindikudziwa malamulo a sukuluyo, koma malo otere nthawi zambiri amakhala ndi njira yothandizira mwana woferedwa, ndipo njirayo singagwire ntchito pa maliro amene sanauzidwe. Musagamule nokha kuti zonse zatayika musanafunse.

Uthengawu usapite pafoni, komanso musatume munthu. Kwerani kabaza, kwerani minibasi, mukafike nokha. Mukhale m'chipinda, inu, Mwai ndi a Madamu. Musayambe ndi nkhani za mvula ndi za mbuzi, nenani mawu ake enieni: ababa ako anamwalira, tinawaika tsiku lakuti, ndinakubisira, ndinalakwa. Musakankhire kwa amalume ake. Akakalipa, musiyeni akalipe. Akakana kukuyang'anani, khalani pompo, musachoke msanga. Mutengereko kanthu ka bambo ake, kaya chipewa, kaya buku lawo la nyimbo, akhale ndi chogwira m'manja.

Pomaliza mufunseni chimene akufuna. Mwina adzati apite kaye akaone manda, mwina adzati alembe kaye mayeso. Ndi mtsikana wa zaka 16, mwamusankhira kokwanira. Akabwerera m'kalasi, a Madamu ndi aphunzitsi ake adzadziwa pomugwira, poti tsopano adzakhala akudziwa chimene chikumupweteka.

Chenjezo langa ndi ili: musati ndidikire sabata inanso, paja Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masiku ano uthenga wa maliro umayenda pafoni kuposa minibasi, ndipo anthu a ku Mkanda ali paliponse. Tsiku lina mlonda, wophika kapena kholo la mnzake adzamupepesa mwana wanu mosadziwa. Mayeso akavuta amalembedwanso chaka china. Koma Mwai watsala ndi kholo limodzi lokha, ndipo akufunika kuti kholo limenelo likamuuza kuti kunyumba kuli bwino, azikhulupirira.

Agogo