Mapazi a Thandi pa Tepi

Loweruka, 8 Okutobala 2005

Ndagula. Kamera ya vidiyo, yogwirapo kale ntchito, pa kasitolo ka ku Evington Road. Yokwana m'dzanja limodzi. Timatepi take ngati mabokosi a machesi, kalikonse ola limodzi. Mwezi uno ndi wa buledi ndi tiyi, zilibe kanthu.

Ndayesa m'chipinda muno. Chithunzi choyera mopanda chifundo, mpaka nkhungu ya pakhoma kuoneka bwinobwino. Ukakankha kabatani ka pamwamba imakokera zakutali pafupi. Ndili pawindo ndaona chiphuphu pamphuno ya bambo wodikira basi tsidya la msewu.

Thandi wanga akwanitsa zaka zisanu ndi zitatu mwezi wamawa. Ndinamusiya kwa achemwali anga a Lorraine ku Chilomoni ali ndi zitatu. Pafoni amangoti eya, ayi, zikomo. Ndikufuna kuona nkhope yake ikuyankhula. Kupitako sindingathe. Viza inatha kalekale, ndikangotuluka m'dziko muno sindidzalowamonso.

A Sosten a kutchalitchi, aja amagwira ntchito ku Corby, akupita kumudzi pa 21. Avomera kunyamula. Kamera ipite ndi tepi yanga, ibwere ndi ya Thandi. Iyenera kupita yonse, chifukwa timatepi timeneti sitilowa m'makina ena, timaonetsedwa ndi kamera yomweyo.

Constance wa chipinda cha kutsogolo, nesi wa mapepala ake abwinobwino: "Mujambula chani, amake Thandi? Bedi ndi ketulo?" Ndamuyankha kuti ine ndili naye woti ndimujambulire. Zaka khumi pabanja, msana wake sunaonepo mbereko. Pomwe pamamupweteka ndimapadziwa.

Lolemba, 10 Okutobala

Constance ananena zoona, galu ameneyu. Ndajambula chipinda changa n'kuonera. Bedi, ketulo, sutikesi pamwamba pa wodirobu. Ngati kundende. Kamera imeneyi sidziwa kubisa. Kukangochita kamdima chithunzi chimadzaza mchenga, ine n'kuoneka ngati maliro a masiku atatu.

Batire nayo yaulesi, usanamalize nkhani yayamba kale kuphethira. Koma makutu ake! Wakutali samveka bwino, koma woigwirayo imamutola chilichonse, kupuma, kumeza malovu, ngakhale kulira kwa m'mimba.

Ndajambula zina pamwamba pake, chipinda chafufutika. Ubwino wa tepi ndi umenewo. Anthu a ku Chilomoni asaone kuti ndinasiya mwana chifukwa cha kakhola aka.

Lachinayi, 13 Okutobala

Ku Oadby. Mayi Noorjahan, nkhalamba yomwe ndimaisamala. Anabadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chomwe anatsala nacho ndi chotumira anthu basi. Bwera. Pukuta. Chotsa. Akadya masana amagona ngati thumba.

Kamera imalira pii ukadina batani, ndiye ndinalowa m'kati mwake n'kuzimitsa kaphokosoko, ndi kanyali kofiira ka kutsogolo komwe. Tsopano imajambula mwakachetechete.

Ndinavula yunifomu, n'kuvala bulauzi yanga yobiriwira. Masitepe a kapeti. Khitchini ya mafiriji awiri. Kapinga kuseri. Ndinatembenuza kasikirini kuti ndizidziona, n'kukhala pampando wachikopa mwendo pamwamba pa unzake. "Takulandirani kwathu," ndinatero. Zinandikhala.

Pomaliza chipinda cha mdzukulu wawo, yemwe amabwera patchuthi pokha. Kabedi ka pinki, zidole, makatani a agulugufe. Sindinakonzekere, pakamwa panangotseguka pokha: "Thandi, ichi ndi chipinda chako. Chikukudikira."

Ndaonera m'basi pobwerera. Ndimaoneka ngati munthu. Bodza lake lili pati? Nyumbayo amene amaisesa ndine.

Lachisanu, 21 Okutobala

A Sosten anyamuka. Kamera, chaja, chingwe cha mitu itatu cholumikizira ku TV, tepi yanga, tepi ina yatsopano. Diresi yachikasu ndi nsapato zoyera za Thandi.

Iwo akangosiya ku Chilomoni n'kupitirira kwawo ku Ntcheu, adzatenga pobwerera. Ndiye ajambule ndi achemwali okha. Ndawafotokozera pafoni kawiri. Batani ndi limodzi, lofiira. Kudina kamodzi yayamba, kudinanso yaima. Ngakhale mbuzi ikhoza.

M'chipinda muli zii popanda kamera. Ndinaizolowera msanga.

Lamulungu, 6 Novembala

Khadi ya foni yatha ndisanamve zonse. Aonera tepi yanga pa TV ya aneba, anthu mpaka kusuzumira pawindo. Achemwali: "Sitimadziwa kuti unafika pamenepo, Anganile." Mawu ozizira. Nsanje basi. Kuyambira tili ana, ine ndikavala chatsopano iwo mutu unkawapweteka.

Akuti kunja kuli dzuwa kasikirini sikaoneka chilichonse, akungojambula mongoganizira. Akutinso ufa wakwera, ana akudya kamodzi. Nyimbo yake yomweyo. Zomwe ndimatumiza zimalowa kuti?

Thandi akuti waonera katatu. Sanabwere pafoni, anali kotunga madzi.

Loweruka, 19 Novembala

Yabwera. Fumbi lofiira m'mphepete mwa mabatani. Ndinainunkhiza ngati wamisala.

Sindinaonere. Ndikufuna tidzaonere limodzi mawa tikaweruka kutchalitchi, pa TV yaikulu ya Constance pabalaza. Ndaitana amayi a kwaya. Ndakazinga mandasi. Constance akhale kutsogolo, aone chomwe mimba ya mkazi imatulutsa.

Lamulungu, 20 Novembala

Ndilembe basi.

Pabalaza podzaza. A Sosten analumikiza chingwe. Tepi inayamba. Dothi. Mapazi. Chithunzi chikugwedezeka uku ndi uku. Anthu kuseka, ati dikirani ayamba.

Sanayambe. A Sosten ndiwo anazindikira: achemwali anadina kawiri poyamba penipeni, ndiye zonse zinatembenuka. Pomwe ankati akujambula, kamera inali itaima. Pomwe ankati azimitsa, ili lende pakhosi pawo, m'pamene inkajambula. Ikanalira pii akanadziwa. Kanyali kakanayaka wina akanawauza. Ndinazimitsa ndine, ku Oadby.

Ndiye ndakatulo ya Thandi palibe. Nyimbo palibe. Moni palibe. Ola lonse ndi pansi pa bwalo la achemwali, ndi mawu awo, omveka ngati akukunong'oneza m'khutu.

Mapazi awiri aang'ono, opanda nsapato, zidendene zong'ambika. Ndinawadziwa. Chala chachiwiri chachitali ngati changa. Pambali pake mapazi a Chipo, mwana wa achemwali, ali m'nsapato zoyera.

"Chipo, vula umubwereke, ajambulidwe kaye."

Diresi yachikasu inatsika mpaka m'maondo. Kenako mawu aja: "Ukanene kuti amayi ndakusowani, kuno ndikukhala bwino. Useke. Ukalira uona." Kamera inakwera. Nkhope ya Thandi, yowonda, maso aakulu, akukoka mpweya kuti ayankhule. "Ama..." Basi. Yaduka. Chotsatira ndi dothi, ndi achemwali akuti, "Wanena bwino. Vula tsopano, ungaidetse."

Ndinadzuka kuti ndizimitse. Rimoti inali m'manja mwa Constance. "Tiyeni timalize, amake Thandi, mwatiitana nokha." Ndikanatha kuzula chingwe. Koma kunena zoona ndinkafuna kumva.

Patepi paja, mbale kugwa. Phaa! Khofi sitinalione, tinangolimva, pafupi kwambiri moti mayi wina anagwira tsaya lake. Thandi sanalire. Kulira akanalira bola. Zikuonetsa kuti anazolowera.

Kenako achemwali, akuyenda, dothi likuthamanga pansi pawo, akuuza mnzawo: "Mwaiona nyumbayo? Mafiriji awiri! Ife tikugona ndi njala ndi mwana wake, iye akutitumizira kamera. Tidye kamera?" N'kutembenukira kwa mwana: "Iwe, mayi ako ali ndi chipinda cha zidole, koma anakutaya kuno ngati chigamba. Akanakufuna akanakutenga. Wamva?"

Kamawu kakang'ono, chapatali: "Ndamva."

Pabalaza palibe anatafuna. Constance anafunsa mokoma, ngati akufunsa wodwala: "Mafiriji awiri ake ati? Chipinda cha zidole chili mbali iti m'nyumba muno?" A Sosten anayang'ana pansi. Iwo tepi yanga anaionera ku Chilomoni, ndipo ndaona kuti anauza kale akazi awo, mmodzi wa amayi a kwayawo.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Mandasi anatsala. Mayi wina pakhomo anati tipemphere, ndinamuuza akapempherere kwawo.

Lachiwiri, 22 Novembala

Ku Oadby. Bwera. Pukuta. Chotsa. Lero anandituma kukonza chipinda cha mdzukulu, akubwera pa Khirisimasi. Ndinayala kabedi ka pinki. Ndinatenga chidole chimodzi n'kuchipotokola khosi mpaka chinathyoka, n'kuchibisa pansi pa zinzake. Nkhalamba inaitana kuti ikufuna madzi. Ndinaisiya iitane mpaka mawu anasasa.

Ndikafika kuno ndi kamera basi. Nkhope ya Thandi imaoneka kangapo m'tepi yonse, paliponse kamphindi kochepa ngati kuphethira, kamera ikamakwera achemwali asanadine. Pomwe imaoneka bwino ndi pamodzi pokha, ndiye ndimabweza, ndimaimitsa pomwepo. Dzino lakutsogolo linachoka, likumera lina. Pachipumi pali chipsera chomwe sindikuchidziwa. Palibe anandiuzapo.

Chithunzi chikaima chimayera bwino, ndiye ubwino wake. Koma ukaimitsa nthawi yaitali kamera imadzizimitsa yokha, akuti kuteteza tepi. Ndimayatsanso.

Constance akuimba nyimbo za kwaya kukhitchini, mokweza. Mawu ngati chitseko cha chimbudzi.

Lachinayi, 24 Novembala

Ndawaimbira achemwali. Ndinakonza mawu usiku ndi usana, onse ndinawakhuthula. Mfiti. Wakuba nsapato za mwana. Anandisiya ndimalize, kenako: "Watha? Ine ndamulera zaka zisanu, iwe ukulera nkhalamba za eni. Nyumba uli nayo, taiona tonse. Tumiza tikiti. Apo ayi bwera udzamutenge. Ikafika Khirisimasi ndikukamusiya kwa abale a bambo ake ku Lunzu."

Ku Lunzu. Kwa anthu omwe sanabwere ngakhale kudzamuona atabadwa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti nyumbayo si yanga. Ndinaganiza za aneba aja osuzumira pawindo. Ndinatseka.

Tikiti ya mwana wa munthu wopanda mapepala. Angamulole ndani kulowa? Ndikapita ine, ndapitiratu, ndipo tonse tikadya dothi lomwe lili pa tepilo. Ndikakhala, Thandi ku Lunzu. Pasipoti ndaitulutsa m'sutikesi, ili pabedi. Ndaibwezamo. Ndaitulutsanso.

Loweruka, 26 Novembala

M'mawa ndinabwezanso pamalo paja. Nkhope ya Thandi inayamba kusweka timabokosi timabokosi, kenako mizere. Kamera inalira ngati ikukukuta mchenga. Nditatsegula, tepi yatuluka m'kabokosi kake, yakulungana m'kati, yamakwinya. Ndinaikoka pang'onopang'ono ndi chotokosera m'mano. Yaduka. Pamalo pomwepo, pomwe ndinkaimitsa. Dothi lonse latsala bwinobwino, khofi lija lilipo, mawu a achemwali alipo. Chapita ndi nkhope.

Masana foni. Nambala ya aneba a ku Chilomoni, kungoliza n'kudula. Ndinathamangira kusitolo kukagula khadi. Anayankha ndi Thandi mwini. Wapita yekha kukapempha. Chiyambire sanayankhulepo mawu ambiri chonchi.

Akuti amayi aakulu amuuza kuti akuchoka pa Khirisimasi. Akuti walongedza kale m'jumbo, yunifomu ya sukulu ndi kope. Diresi yachikasu amusiyira Chipo, poti kuno zilipo zambiri. Akuti sadzavuta, amadziwa kutsuka mbale ndi kukolopa, masitepe aja azidzakolopa ndi iyeyo.

Kenako ananong'ona, kuopa kuti wina amva: "Amayi, kabedi kaja musagonekepo munthu wina."

Ndinali nditakhala pabedi langa, mapazi atagunda khoma la kutsidya. Ketulo. Sutikesi. Nkhungu.

Ndinati sindigonekapo munthu.

Anafunsa kuti abwera ndani kudzamutenga, a Sosten kapena ine. Ndinati, "Ndi..." Basi. Khadi yatha.