Ukwati wanga ukudikira makina a khansa

Aphungu,

Mnyamata amene akufuna kundikwatira amagwira ntchito kuchipatala cha khansa. Ndi yekhayo amene amadziwa kuyendetsa makina owotcha zotupa. Ukwati wathu wasunthidwa kawiri chifukwa abwana ake akumukaniza tchuthi, ati akachoka makinawo aima. Diresi langokhala m'sutikesi, ndipo amayi ayamba kunena kuti mwamuna wozengereza chonchi ali ndi wina.

Ndinapita kuchipatalako kuti ndikamugwire. Ndinapeza mabenchi atadzaza mpaka pakhonde, ena atagona pansi. Mayi wina wothothoka tsitsi atamva kuti ndine ndani anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanawe, ukamutenga, ine ndiyambirenso pamzere?" Ndinabwerera osamuona n'komwe.

Pano amalume akuti tsiku likasunthanso ndimusiye. Ndimamukonda, koma ndikati ndiumirire ndikumva ngati ndikupha anthu. Nditani?

T.M.

Mwana wanga T.M.,

Amayi ako sanaphonye kwenikweni. Wina alipodi, koma sapaka milomo. Ndi boma, ndipo lakulanda mwamuna dzuwa likuswa mtengo.

Ndawerenga kalata yako ndi mkwiyo mpaka tiyi wandizizirira. Tsiku lotsegulira makina otere pamakhala matenti, oimba, lumo lonyezimira, ndi akuluakulu okwana basi yonse kudzadula riboni imodzi. Woyendetsa makinawo, mmodzi. Ndalama zolembera wachiwiri akuti akuziyang'anabe, ngati zinagwera kuseri kwa kabati. Ndiye lero moyo wa odwala onsewo ausenzetse mtsikana wofuna kuvala diresi lake? Bajetiyo sunalembe ndiwe.

Mufunse mnyamatayo kuti anzake amene anaphunzira nawo ali kuti. Sindikayika kuti wina akugulitsa makava a foni, dipuloma ili pansi pa matiresi. Apite kwa abwana ndi dzina la mnzakeyo, apemphe kuti amulembe ngakhale mongogwirizira, ndipo mnzakeyo ayambe msanga kuti awazolowere makinawo. Tchuthi mnyamata wakoyo apemphe molemba, ndipo a bungwe la ogwira ntchito adziwe. Bwana amakana msanga ndi pakamwa, koma cholembera chimamulemera.

Amayi ndi amalume usakangane nawo. Apite nawe akakhale pabenchi paja m'mawa umodzi. Akatuluka ali ndi mkwiyo, uwalozere ofesi ya phungu wa kunyumba ya malamulo, akauthire kumeneko pamodzi ndi abale a odwala.

Koma chenjera. Abwanawo adzabwera ndi nzeru yoti mumange ukwati m'mawa, mkwati abwerere kuntchito masana. Usavomere. Mukatero mwawaphunzitsa kuti munthu mmodzi akukwana, ndipo wachiwiri sadzalembedwa mpaka kalekale. Thupi losapuma limagwa, mwana wanga. Tsiku limene mnyamatayo adzagwe, mayi uja sadzapeza n'komwe mzere woti ayambirenso.

Aphungu