Muvi Umene Unathera M'malere

KOMITI YA BUNGWE LA ALIMI A MAPEYALA LA TWITIKILE, RUNGWE

Tsiku: Lachinayi, 14 Malichi 2024
Malo: Shedi yosankhiramo mapeyala

Amene analipo: Bambo Ambokile Mwasongwe (Wapampando), Bambo Gwakisa Mwakibinga (msungichuma), Mayi Ndimbumi Kajange (membala), Mayi Tumpale Ngonya (oyang'anira shedi, amenenso ndi mkazi wa mwana wa Wapampando), ndi ine Lusekelo Mwaipasi (mlembi).

Amene sanabwere: Bambo Asajile Mwandosya. Anapepesa kuti ng'ombe yawo ikubereka. Chaka chino ndi kachitatu.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 9 koloko m'mawa. Mayi Kajange anapemphera, ndipo sanasiye munthu aliyense wodwala m'boma la Rungwe. Monga mwa mwambo, Mayi Ngonya anakhala kuseri kwa makireti, moyang'ana kukhoma, kuti asaonane maso ndi apongozi awo.

2. Zotsalira za msonkhano wapitawo

Mlembi anakumbutsa komiti kuti akatswiri a ku Mbeya, amene akufuna kutipangira pulogalamu ya pafoni yotsatira mapeyala kuchokera kumunda mpaka m'galimoto, anabweza chithunzi choyamba cha kayendedwe ka ntchito yathu chimene anajambula Mayi Ngonya. Anati muvi wina unachoka pa bokosi la "kuyeza", n'kuthera m'malere, ndipo iwo sangapange chinthu chimene eni ake sakuchidziwa.

Bambo Mwakibinga anakumbutsa za chigamulo chakuti chithunzi chikabwezedwanso, Mayi Ngonya achotsedwe pa udindo. Anaonjezera kuti ali ndi mphwawo wodziwa makompyuta. Komiti inati za mphwayo inamva kale.

3. Lipoti la maphunziro ndi chithunzi chatsopano

Mayi Ngonya anati ku maphunziro a kajambulidwe ka zithunzi zotere, amene anapitako, anaphunzira zinthu zosavuta kuziona koma zovuta kuzinamiza. Bokosi ndi ntchito imodzi. Muvi umasonyeza kumene ntchito ikupita. Dayamondi, bokosi loima pa nsonga, ndi funso la inde kapena ayi. Aliyense wogwira ntchito amakhala ndi mzere wakewake, ndipo muvi uliwonse uyenera kukafika penapake.

Bambo Mwakibinga anafunsa chifukwa chimene muvi woyamba uja unathera m'malere. Mayi Kajange anayankha m'malo mwa Mayi Ngonya, ndipo anapempha kuti mawu awo alembedwe mmene alili:

"Inunso a Gwakisa, mwafika lero kuno? Muviwo unkapita kwa apongozi ake! Mumafuna mwanayu alembe dzina la apongozi ake pa pepala, ndi dzanja lake, kuti a ku Mbeya awerenge? Mkazi wanu angatero?"

Bambo Mwakibinga anati mkazi wawo sali pa ndondomeko ya zokambirana.

Mayi Ngonya anati mphunzitsi anawauza kuti pa mzere salembapo dzina la munthu koma udindo wake, chifukwa munthu amachoka koma ntchito imatsala. Anati atamva zimenezi mtima unakhala pansi, poti mawu akuti "Wapampando" si dzina la munthu.

Chithunzi chinapachikidwa pa khoma. Komiti inagwirizana kuti ichiyese potsatira kireti limodzi. Mayi Kajange anatenga peyala n'kumaliyendetsa pa mivi: kuthyola, kunyamula, kusankha, kuyeza. Onse anavomera kuti ndi mmene timachitiradi. Peyala linatsikira mu mzere wa Wapampando, pa bokosi lakuti "kuona katundu ndi kuloleza kuti akwezedwe". Pansi pake panali dayamondi yofunsa kuti, "Kodi alipo?" Muvi wa "ayi" unkazungulira n'kubwerera pa funso lomwelo.

Mayi Kajange anazungulitsa peyalalo. Anati: "Apita ku maliro." Analizungulitsanso. "Apita ku msonkhano wa mpingo." Analizungulitsanso. "Akaweruza mlandu wa malire." Atatero analifinya, n'kunena kuti lafewa, ogula salifunanso.

Mlembi akuvomera kuti anachita mantha, chifukwa tonse takhala tikudziwa kumene mapeyala athu amapsera, koma palibe amene ananenapo. Mwambo woti mkulu ayambe waona katundu unayamba bungweli lili ndi alimi ochepa, ndipo Bambo Mwasongwe ndi amene anabweretsa mbande zoyamba pa njinga yawo.

Bambo Mwakibinga anati chithunzicho ndi chamwano ndipo chichotsedwe. Wapampando anawauza kuti akhale pansi. Anaimirira, anavala magalasi, n'kutsatira muviwo ndi chala pang'onopang'ono. Kenako, polankhula ndi mlembi monga mwambo umafunira, anati:

"A Mwaipasi, tawafunsani mayi a adzukulu angawo. Kanthu kozungulirazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutuka, ndine?"

Mayi Ngonya anayankha kuseri kwa makireti: "A mlembi, auzeni bambo kuti ine ndajambula mpando. Amene amakhalapo sindinawajambule."

Wapampando anaseka mpaka anavula magalasi. Anati chaka chatha anakalipira oyendetsa galimoto, anakalipira osankha, anakalipiranso mvula, osadziwa kuti amene amaoletsa mapeyala ndi munthu amene iwo amamuona pa galasi akamameta ndevu m'mawa uliwonse. Anati wakutsina khutu ndi mnansi. Anapempha cholembera chofiira, anadula bokosi lawo ndi dzanja lawo, n'kujambula muvi wochoka pa "kuyeza" kupita pa "kukweza m'galimoto". Muviwo unakhota pang'ono, koma unafika.

Mayi Kajange anaimba nthungululu. Mlembi anaomba m'manja, ndipo n'chifukwa chake zimene Bambo Mwakibinga ananena pa nthawiyi sizinalembedwe.

4. Zimene komiti yagamula

(a) Katundu akayezedwa azikwezedwa tsiku lomwelo. Wapampando azingolandira uthenga pafoni.
(b) Chithunzi chitumizidwe ku Mbeya nthawi yomweyo. Chinajambulidwa ndi foni ya mlembi n'kutumizidwa.
(c) Mayi Ngonya aphunzitse komiti yonse kujambula. Ayambe ndi mzere wa msungichuma. Bambo Mwakibinga anati palibe changu.

5. Zina ndi zina

Tikudya nthochi zophika ndi chambiko, yankho la ku Mbeya linafika. Anati mivi yonse yafika kwawo, funso alibe, ntchito ayamba Lolemba. Chigamulo chochotsa Mayi Ngonya chinafafanizidwa. Palibe anatsutsa, ngakhale Bambo Mwakibinga a mphwawo uja.

Wapampando anapempha kuti mawu otsatirawa alembedwe, kenako awerengedwe mokweza kuti afike kuseri kwa makireti: "Ine sindiloledwa kuwayang'ana kumaso mayiwa. Koma lero iwo andiona bwino kuposa nonsenu amene mumandiyang'ana tsiku lililonse. Mwana wanga anakwatira."

Mlembi anawerenga. Kuseri kwa makireti kunangomveka munthu akumina.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala pa 11 Epulo, malo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 12 koloko masana. Mlembi atafuna kuwapatsa zolembedwazi kuti akasainire kunyumba monga mwa masiku onse, anakana. Anati zisaolere kwa iwo, ndipo anasaina pomwepo.

A. Mwasongwe, Wapampando

L. Mwaipasi, Mlembi