Mapazi a Atate Anamatirira pa Geti ya Eni

Okondedwa achimwene a Misheck,

Muli bwanji ku Vubwi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi msana uja wawasiya? Ine kuno ku Lusaka ndili moyo, koma ndikulemba mtima ukuwira.

Atate awamenya. Lachisanu m'mawa ndili kotunga madzi anatuluka okha, ati akukamasula ng'ombe. Mukudziwa mmene matenda awo onjenjemera aja amawaumitsira miyendo. Analowa pa geti ya eni, mapazi n'kumatirira pansi. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, zala zikungofikisana. Mwini nyumba anakuwa kuti mankhwala ake otsirikira pakhomo agwira mfiti. Atawafunsa dzina, iwo anatchula la ng'ombe yathu yakale ija, Bantomu.

Achimwene, ndinawapeza ali m'matope, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Zibakera, mateche, wina njerwa, wina akugubuduza tayala loti awawotchere. Bambo wina amene anali ndi thabwa ndinamuluma dzanja mpaka anakuwa mayo, ndipo sindidzapepesa. Zitsiru! Munthu wotilera ndi ulimi wa thonje, lero mfiti? A Jane, aneba anga ochokera ku Sinda, anadziponya pamwamba pawo akulumbira kuti atate ndi mkulu wa mpingo. Titawadzutsa, miyendo inakanabe. Ndinakuwa mmene ankakuwira iwo polima, kuti tiye Bantomu tiye, mapazi n'kumasuka. Ena pamenepo anati mwana nayenso ngokhwima.

Kuchipatala anawasoka pamphumi, nthiti ziwiri n'zothyoka. Adokotala anandiuza kuti matendawa tsopano afika ku nzeru. Akawonjezera mankhwala omasula thupi, atate amaona anthu amene palibe. Akachepetsa, amauma ngati chitsa. Anandiletsa kuwagulira mapiritsi oziziritsa mutu, ati angawaumitsiretu. Achotsako mtundu umodzi wa mankhwala awo n'kuika wina wothandiza kukumbukira, koma sanandinamize: kuchira kulibe.

Chondisowetsa mtendere si mabala. Atate sakumbukira amene anawamenya, koma mawu aja anawalowa. Akukana chakudya. Amandikoka chitenje n'kundifunsa monong'ona ngati ndi zoona kuti iwo ndi mfiti, ndiponso adya ana angati. Ndikati ayi sakhulupirira, poti sakundidziwa. Amati ndine mayi wapano, ndikungowamvera chisoni.

Pempho langa ndi limodzi. Akwezeni amayi basi sabata ino, mtedza muwakumbire ndinu. Musandiuze zodikira mwambo wa Kulamba. Dzina la munthu lokha limene latsala m'mutu mwa atate ndi la amayi, ndipo akamva kwa iwo kuti si mfiti mwina adya. Muwauze nokha zonsezi, chifukwa ena anajambula pa foni ndipo zifika kumeneko ndisanapume.

Moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga. Atate ndawafunsa ngati ali ndi moni wa kumudzi. Ati ndisauze ana awo kumene ali, angachite nawo manyazi.

Ndine mlongo wanu,
Clementina