Sipiriti ya Pakhosi Panga

Lachisanu, mwezi wa Juni, ku Lungwena.

Lero mtima uli m'malo. Patha sabata chibwerereni ku chipatala ku Blantyre, ndipo chotupa chija cha pachithokomiro sichinatulukenso. Adokotala anachipopa madzi ndi jakisoni uku akuyang'ana pa makina ounikira, kenako anathiramo sipiriti kuti thumba lake liume, lisadzazenso. Kunawotcha mpaka kukhutu, koma sanandicheke.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi sipiritiyo. Ine chibadwire mowa sindinaulawepo. Apongozi anga, Abiti Saidi, atamva anagwira pakamwa: "Ndiye ulendo wonse uja wa ku Blantyre mumakathiridwa kachasu?" Iwo anaseka, ine sindinaseke.

Masana ano titatuluka mu mzikiti ndinalimba mtima n'kuwafunsa a Shehe.

"Munamwa?" anandifunsa. Ndinati ayi.

"Munaledzera?" Ndinati ayi.

"Nanga mwabwera kudzaulula chiyani, mayi? Amenewo ndi mankhwala. Pitani mukathokoze Mulungu."

Adokotala anati madzi akhoza kubwerera, choncho ndipitenso akandione pakatha miyezi itatu. Dzanja langali limangopita lokha pakhosi, kufufuza.

Koma pa swala, pemphero lathu la madzulo, ndinagunditsa mphumi pamkeka, ndipo palibe chimene chinanditsamwitsa. Zaka ziwiri zonsezi za chotupachi ndakhala ndikufulumira kudzuka pamkekapo kuti ndipume. Lero ndinakhalitsa pansipo mpaka mwana wanga Asiyatu anandigwedeza phewa, kuyesa ndakomoka. Chonsecho ndinali ndisanamalize kuthokoza...