Zigamba za Pamutu pa Alamu Anu

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko ndipo ntchito ya unamwino ikuyenda. Ife kuno tilipo, ana akupita kusukulu.

Mukukumbukira kuti chaka chatha tsitsi la alamu anu linayamba kuthothoka m'zigamba zozungulira, khungu n'kutsala lili see ngati mbale. Chipewa sichinkachoka kumutu, podya pomwe, ngakhale akamasoka pamakina m'shopu yotentha ija. Ndiye miyezi itatu yapitayi ndinayamba kuona zachilendo. Lachinayi lililonse ankatseka shopu masana, n'kubwera akununkhira mafuta omwe m'nyumba muno mulibe. Kenako tsitsi linayamba kumera, loyera, lofewa ngati la khanda, ndipo munthu amene ankathawa galasi anayamba kuchedwa kubafa akuimba mluzu. Nditafunsa anati amakagula ulusi. Ulusi wanji wogula sabata ndi sabata koma osaoneka?

Sindikubisirani, ndinawatsatira. Ndinayenda m'mbuyo mwawo ngati mbala, nditakonzeka kukaona nkhope ya mkazi mnzanga. Analowa m'chipatala, chitseko chakumapeto kwa khonde. Mkazi ndinamupezadi, koma anali dokotala wa khungu, mayi wachikulire, jakisoni ali m'manja, alamu anu atawerama pampando.

Dokotalayo sanandithamangitse. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti pamuzu wa tsitsi lililonse pamagona timaselo tobala tsitsi latsopano. Asilikali ena a m'thupi amathandiza kudzutsa timaseloto, koma mwa alamu anu ena anasokonezeka n'kuyamba kuukira mizu ngati mdani. Mankhwala a m'jakisoniyo amangowaziziritsa ukali kuti timaselo tija tigwire ntchito. Ndinafunsa ngati tsitsilo silidzathothokanso, anati sangalonjeze.

Ndikanabwerera kunyumba ndi manyazi okha, ndipo anali ondiyenera. Koma tikutuluka dokotala anati, "Mukawathokoze achemwali anu. Akanapanda kumawaimbira foni pafupipafupi, bambowa akanasiyira panjira."

Panjira alamu anu anavomera kuti anakulemberani okha mwezi wa Juni, ndipo ndinu munawapezera dokotalayo. Ndinafunsa chifukwa chimene anadumphira ine, mkazi wokhala naye nyumba imodzi, n'kukauza munthu wakutali. Iwo anati, "Tsiku lija unauza alendo kuti mutu wanga wadyedwa ndi makoswe, aliyense anaseka. Achemwali ako okha ndi amene sanaseke."

Ndinanenadi, ndinkayesa nthabwala, ndipo ndapepesa. Zimenezo tithana nazo tokha.

Chondisautsa ndi inu, achemwali. Miyezi yonseyi tinkalankhulana Lamlungu lililonse. Munkandifunsa za ana, za msana wanga, za nsapato munatumiza zija. Tsiku lina ndinalira pafoni kuti ndikukayikira kuti pali mkazi wina, inu munangoti ndidekhe, amuna amatero. Munkadziwa zonse, n'kundisiya ndikuwonda. Munkaimbirana kangati pasabata? Nkhani yake inali tsitsi lokha? Sindikukunenerani kanthu, ndikungofunsa, chifukwa pafoni yawo dzina lanu silikupezeka, ndipo nambala yanu ili pa dzina loti "Wogulitsa ulusi".

Mundiyankhe pakalata, osati pafoni. Mawu anu ndimawakhulupirira msanga.

Ana akupereka moni. Wamng'ono akufunsa kuti mudzabwera liti, ndamuuza kuti sindikudziwa. Alamu anu sakudziwa kuti ndikulemba, choncho moni wawo mulibe muno. Kapena mwaulandira kale.

Ndine mng'ono wanu,
amene sanakubisirenipo kanthu.