Kanema wa Amayi Wafika ku Joni Ife Tisanamuone

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ngokwe tonse tadzuka, ndipo mwendo wa amayi uja unapola.

Za kanema munatitumizira uja, mtima ukhale m'malo, amayi sakufa ndi njala. M'mwezi wa Ramadani kunabwera alendo awiri achizungu ndi kamera, n'kuwapeza atakhala pakhonde masana. Atawafunsa ngati adya, amayi anati, "Iyayi, kuyambira m'bandakucha sindinalawe kanthu." Iwo ankanena za kusala kudya! Nkhokwe yodzaza chimanga inali kuseri kwa nyumba, koma kamera sinayang'aneko.

Chondikwiyitsa n'chakuti kanemayo wazungulira mayiko, anthu akuwamvera chisoni m'zinenero zomwe amayi sazidziwa, koma palibe anabwerera kudzafunsa. Anzawo pamsika akuwaseka kuti, "Abiti Saidi, mwadya lero, kapena tiitane azungu?" Munthu wolima yekha chaka chonse, pano akuopa kupita kumsika.

Chonde, inu a netiweki yabwino, lembani pansi pa kanemayo kuti mayiyu anali pa swaumu, kusala kudya kwa Ramadani. Muwaimbirenso foni, chifukwa akuganiza kuti anakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu